Mtovu wochepa m'magazi a mwana: zimene umachita muubongo ndi m'mitsempha

Mu Okutobala 2021 mabungwe awiri akuluakulu a zaumoyo analankhulapo za mtovu. Bungwe la World Health Organization linalangiza kuti munthu akapezeka ndi mtovu wofika pa mlingo wa 5 m'magazi, achipatala afufuze kumene ukuchokera kuti gwerolo litsekedwe. Mwezi womwewo bungwe loona za matenda ku America, la CDC, linatsitsa mlingo umene limayambira kutsatira ana, kuchoka pa 5 kufika pa 3.5. Komatu m'zaka za m'ma 1960 madokotala a dziko lomwelo sankatekeseka mpaka nambala itadutsa 60.

Apa mpamene anthu ambiri amasokonezeka. Mwana amene ali pa 5 kapena pa 10 samva kupweteka paliponse. Amadya bwino, amathamanga ndi anzake, kusikelo akukwera. Ndiye akatswiri akuona chiyani chimene mayi ake sakuchiona, moti mpaka anene kuti palibe mlingo wa mtovu umene tingautche wabwino kwa mwana?

Mtovu ndi nambala za papepala lachipatala

Mtovu, umene m'malipoti achipatala amaulemba kuti lead, ndi chitsulo chofewa, cholemera, chotuwa. Ndi chimene chimalemeretsa batire ya galimoto kapena ya sola. Kwa zaka zambiri ankauthira mu petulo, mu penti ya mafuta kuti iwale ndi kuuma msanga, ndiponso m'mapaipi a madzi. Mu pensulo mulibe, ngakhale ambiri timakula tikuganiza choncho. Thupi limafuna zitsulo zina pang'onopang'ono, monga ayironi ndi zinki, koma mtovu ulibe ntchito ngakhale imodzi m'thupi la munthu.

Nambala ya papepala imatanthauza mamaikulogalamu a mtovu mu gawo limodzi mwa magawo 10 a lita ya magazi. Maikulogalamu imodzi ndi galamu yogawidwa ka 1,000,000. Mwana wa zaka ziwiri ali ndi magazi pafupifupi lita imodzi, kotero akakhala pa mlingo wa 5, mtovu wonse umene ukuyenda m'magazi ake ndi mamaikulogalamu 50 basi. Mwamasamu, galamu imodzi ingakwane kufikitsa magazi a ana 20,000 pa mlingo umenewo. Lipoti la UNICEF ndi bungwe la Pure Earth la mu 2020 linayerekeza kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi, ana ofika 800 miliyoni, ali pa 5 kapena kuposa.

Mtovu ukachuluka kwambiri sufuna katswiri kuti auzindikire. Nambala ikamafika cha ku 70 kapena 100, ubongo ukhoza kutupa, mwana n'kumasanza, kukomoka, mwinanso kumwalira. Izi ndi zimene zinachitika m'chigawo cha Zamfara ku Nigeria mu 2010, kumene ana osachepera 400 anafa chifukwa makolo ankapera miyala ya golide yokhala ndi mtovu pakhomo. Nkhani yathu pano ndi ya kumunsi, pa 3, pa 5, pa 10, kumene kulibe chizindikiro chilichonse choti n'kuthamangira nacho kuchipatala.

Chifukwa chake mwana ndiye amavulala kwambiri

Mwana wa chaka chimodzi amakhala pansi. Amakwawa m'fumbi, chala chili m'kamwa, chilichonse chimene watola amayamba wachilawa. Fumbi la penti yakale kapena dothi lokhala ndi mtovu limene munthu wamkulu amangoliponda, mwana amalimeza. Likafika m'matumbo, thupi la mwana limatenga mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa mmene thupi la wamkulu likanatengera pa mlingo womwewo. M'mimba mukakhala mopanda kanthu, kapena mwana akakhala wosowa ayironi ndi kashiamu, matumbo amatsegula njira kwambiri pofuna zitsulo zimene zikusowazo, ndipo mtovu umalowera pomwepo. Ndiye kuti ana awiri osewera pabwalo limodzi sakhala pa chiopsezo chofanana: woperewera zakudya ndiye amatenga wambiri.

Zimayamba mwana asanabadwe n'komwe. Mtovu umakhala m'magazi pafupifupi mwezi umodzi kuti utsike ndi theka, koma wambiri sutuluka, umakabisala m'mafupa ndi m'mano kwa zaka makumi. Mayi akakhala woyembekezera, thupi lake limatapa kashiamu m'mafupa kuti limange mafupa a khanda, ndipo mtovu umene anaumeza ali mtsikana umatuluka nawo limodzi n'kudutsa mpaka kwa mwana.

Ndalama yachinyengo m'maselo a ubongo

Ubongo ndi mitsempha yonyamula mauthenga, osati ya magazi ija, zimapangidwa ndi maselo mabiliyoni ambiri amene sagundana. Pakati pa selo ndi selo pamakhala kampata kakang'ono. Uthenga ukafika kumapeto kwa selo yoyamba, timakomo timatseguka, kashiamu n'kulowa, ndipo kulowa kwa kashiamuko ndi kumene kumachititsa selo kutulutsa timadzi tonyamula uthenga kuwolokera ku selo yachiwiri. Kashiamu timamudziwa ngati chomanga mafupa, koma muubongo ndiye ndalama imene imayendetsa malonda onse.

Mtovu ndi ndalama yachinyengo. Umafanana ndi kashiamu mokwanira moti thupi limaulandira osaukayikira. Umadutsa mpanda umene umatchinga zoipa za m'magazi kuti zisalowe muubongo, mpanda umene mwa khanda umakhala usanakhwime. Ukafika pa timakomo tija umachita zinthu ziwiri zotsutsana. Uthenga weniweni ukabwera, mtovu umatsekereza kashiamu, ndiye timadzi timatuluka tochepa, uthenga n'kuwoloka wofooka. Pamene palibe uthenga, mtovu umene walowa kale m'kati mwa selo umadzionetsa ngati kashiamu n'kuchititsa timadzi kutayika popanda wotuma. Mawu enieni amatsika, phokoso lopanda pake limakwera.

Mwa munthu wamkulu zimenezi n'zoipa kale, koma mwa mwana n'zoipa kwambiri chifukwa ubongo wake ukumangidwa. M'zaka zoyambirira ubongo umapanga malumikizano ochuluka kuposa amene ukufuna, kenaka umasankha: amene akugwira ntchito kawirikawiri umawalimbitsa, amene ali chete umawadula. Umasankha potengera mauthenga amene akudutsa. Ngati mauthengawo ali osokonekera, ubongo ukhoza kusunga njira zosafunika n'kudula zofunika, ndipo ntchito yomangayi sibwerezedwa mwana akakula.

Pali malo ena amodzi amene asayansi awafufuza kwambiri. Pa selo yolandira uthenga pali kakhomo kotchedwa NMDA, kamene kamatseguka pamene ubongo ukusunga chinthu chatsopano, kaya dzina la agogo, kaya kusiyana kwa chilembo b ndi d. Mtovu umafooketsa kakhomo kameneka, makamaka m'chigawo cha ubongo chosunga zokumbukira. Umasokonezanso maselo amene amakuta mitsempha ndi mafuta oteteza otchedwa myelin, amene amathandiza uthenga kuthamanga. Kunja kwa ubongo, umalanda malo a zinki mu imodzi mwa ntchito zopangira magazi ofiira, n'chifukwa chake ana okhala ndi mtovu wambiri amapezekanso ndi magazi ochepa.

Mitsempha ya m'miyendo, makutu ndi manja

Amene amagwira ntchito yosungunula mtovu kwa zaka zambiri amadziwika ndi dzanja lolendewera, lokanika kudzuka pamkono, chifukwa mtsempha wolamulira minofu yake wafooka. Mwa ana zimenezi sizichitika kawirikawiri. Komabe m'zaka za m'ma 1970 Philip Landrigan ndi anzake anayeza liwiro limene uthenga umayenda mumtsempha wa m'mwendo mwa ana okhala pafupi ndi fakitale yosungunula mtovu ku Kellogg, m'chigawo cha Idaho. Anawo ankaoneka abwinobwino, koma mtovu ukamakwera liwiro linkatsika. Ena atawerengeranso zotsatirazo mu 1988 anapeza kuti kutsikako kumayamba kuonekera nambala ikadutsa cha pa 20 mpaka 30.

Apa pali phunziro la mmene ziwalo zimasiyanirana. Mitsempha ya m'miyendo ndi m'manja imapirira mpaka mlingo utakwerako ndithu, pamene ubongo umayamba kuluza kale kumunsi. Kafukufuku wina wa ana ambiri ku America anasonyeza kuti mtovu ukamakwera ana amafuna mawu okwezekako pang'ono kuti amve. Ku Cincinnati, ana okhala ndi mtovu wokwererapo ankagwedezeka kwambiri akawauza kuti aime chilili, ndipo ankachedwa pa ntchito zofuna zala. Chilichonse mwa izi n'chaching'ono pachokha. Koma mwana wa sitandade 1 amene akumva pang'ono movutikira, pensulo ikumuvuta kugwira, maganizo osakhazikika, ndi uja aphunzitsi amati ngwosamva kapena ngwaulesi.

Mano a ana asukulu ndi umboni wina

Kale madokotala ankakhulupirira kuti mwana akapulumuka ku mtovu ndiye kuti wachira. Mu 1943, ku Boston, Randolph Byers ndi Elizabeth Lord anatsatira ana 20 amene anatulutsidwa m'chipatala ngati ochira, ndipo 19 mwa iwo ankalephera kusukulu kapena anali ndi khalidwe lovuta. Koma awo anali ana amene anadwalapo. Nanga amene sanadwalepo?

Funso limeneli analiyankha ndi Herbert Needleman mu 1979, ndipo njira yake inali yanzeru. Magazi amangosonyeza mtovu wa miyezi yaposachedwa, koma dzino limasunga wa zaka. Iye anapempha aphunzitsi a m'matauni a Chelsea ndi Somerville, pafupi ndi Boston, kuti asonkhanitse mano amkaka amene ana akugulula, ndipo anapeza a ana oposa 2,000. Ana amene mano awo anali ndi mtovu wambiri anapeza mapointi ochepa ndi 4 kapena 5 pa mayeso a nzeru otchedwa IQ, mayeso amene mwana wapakatikati amapeza 100. Aphunzitsi, osadziwa kuti dzino la yani lili ndi chiyani, ankalemba ana omwewo kuti sachedwa kutengeka ndi zina, satsatira malangizo, samaliza ntchito. Patatha zaka 11 anawalondanso, ndipo amene anali ndi mtovu wambiri ndi amene ankasiya sukulu ya sekondale kawirikawiri ndi kuvutika kuwerenga.

Zotsatirazi zinatsutsidwa kwambiri, mpaka Needleman anafufuzidwa pa mlandu wopotoza kafukufuku, koma sanapezeke wolakwa pa chinyengo. Ndipo funso limene otsutsa ankafunsa si lopusa. Ana okhala ndi mtovu wambiri nthawi zambiri ndi a m'mabanja osauka, a m'nyumba zakale, odya mosakwanira. Tingadziwe bwanji kuti wolakwa ndi mtovu, osati umphawi? Ofufuza amene anabwera pambuyo anayamba kutsatira ana kuyambira ali m'mimba, akuyezanso maphunziro a mayi, chuma cha banja ndi mmene mwana akuleredwera, kuti achotse mbali ya zinthu zimenezi. Kusiyana kunachepako koma sikunathe. Anyani ndi makoswe opatsidwa mtovu wochepa, amene alibe nkhani ya umphawi, anasonyezanso kuvutika kuphunzira komweko.

Mu 2005 Bruce Lanphear ndi anzake anaphatikiza zotsatira za ana 1,333 ochokera m'kafukufuku 7 wa m'mayiko osiyanasiyana, ndipo chimene anapeza ndi chimene chinasintha maganizo a mabungwe a zaumoyo. Mtovu ukakwera kuchoka pa 2.4 kufika pa 10, IQ inkatsika ndi mapointi 3.9. Kuchoka pa 10 kufika pa 20 inkatsika ndi 1.9, ndipo kuchoka pa 20 kufika pa 30 ndi 1.1. Izi sizikutanthauza kuti 30 n'ngwabwino kuposa 10, ayi, chifukwa zotayikazo zimawonjezekerana. Zikutanthauza kuti mtovu woyambirira kulowa ndi umene umawononga kwambiri pa maikulogalamu iliyonse. Akatswiri amakanganabe pa kukula kwenikweni kwa kutsika kwa IQ pa milingo ya kumunsi kwenikweni, koma palibe amene wapeza malire amene pansi pake kuwonongeka kumatheratu. Mbiri ya nambala za CDC ikuchitira umboni: 40 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, 30 mu 1975, 25 mu 1985, 10 mu 1991, 5 mu 2012, 3.5 mu 2021. Mtovu sunasinthe, zida zoonera kuwononga kwake ndi zimene zinanoledwa.

Chilondacho chimapitirira mpaka kuukulu. Ana a ku Cincinnati aja atakula anajambulidwa ubongo, ndipo mu 2008 zinapezeka kuti amene anali ndi mtovu wambiri ali ana anali ndi mnofu wa ubongo wochepa kutsogolo, chigawo chimene chimathandiza munthu kudziletsa ndi kukonzekera zinthu. Ku Dunedin, ku New Zealand, anthu amene anayezedwa ali ndi zaka 11 anayezedwanso ali ndi zaka 38, ndipo mlingo wa 5 uliwonse wowonjezera unkayendera limodzi ndi kutsika kwa IQ ndi pafupifupi pointi imodzi ndi theka.

Mapointi ochepa chonchi, n'ngoti n'kudandaula nawo?

Kwa mwana mmodzi, mapointi 3 kapena 5 sangaoneke ndi maso, ndipo kholo lisamve nkhaniyi ngati chigamulo pa mwana wake. Ana ambiri okhala ndi mtovu pa 6 kapena 8 amakhoza bwino kusukulu. Kafukufukuyu amanena za gulu, sanena za tsogolo la mwana wakutiwakuti.

Koma tiwerengere gulu. Mwa ana 1,000, pafupifupi 23 amapeza IQ yosafika 70, amene amafuna thandizo lapadera pa maphunziro, ndipo 23 ena amapeza yoposa 130. Gulu lonselo likatsika ndi mapointi 5, a pansi aja amakhala 48, a pamwamba aja amatsala 10. Palibe kholo limene laona kusintha pa mwana wake, koma boma, sukulu ndi olemba ntchito amakumana nako.

Kumene mtovu ukuchokera masiku ano

Gwero lalikulu la kale linali petulo. Pakati pa 1976 ndi 1980 mwana wapakatikati ku America anali cha pa 15, ndipo lero ali pansi pa 1, makamaka chifukwa chochotsa mtovu mu petulo ndi mu penti. Mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika 2006, ndipo dziko lomaliza, Algeria, linasiya mu 2021.

Kwathu kuno dzina limene silisowa pa nkhaniyi ndi Kabwe, ku Zambia. Mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994 utagwira ntchito zaka pafupifupi 90, koma mulu wa zotsalira udakalipo ndipo mphepo imaulutsira fumbi lake m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa. Pa kafukufuku wa akatswiri a University of Zambia ndi Hokkaido University wofalitsidwa mu 2015, ana onse 246 amene anayezedwa m'makomboni atatuwa anali pamwamba pa 5, ndipo ambiri anali pa mlingo wofuna mankhwala. Kumeneko nkhani ya mtovu wochepa imakhudza ana a mbali zakutali za tauniyo, pamene oyandikira mgodi ali kale pa mlingo woopsa.

Ku Malawi, kafukufuku amene bungwe la Lead Exposure Elimination Project linachita mu 2020 anapeza mtovu wochuluka mu penti yambiri ya mafuta yogulitsidwa m'masitolo. Malawi Bureau of Standards inayamba kulondoloza opanga penti, ndipo poyezanso mu 2023 zinaoneka kuti penti yotereyi yachepa pamsika. Koma imene inapakidwa kale pazitseko, pamawindo ndi pamakoma a sukulu za mkaka ikadali pompo, ndipo imaopsa kwambiri ikayamba kusendeka kapena akamaipala ndi sandipepa popentanso.

Gawo lalikulu la mtovu wa padziko lonse limapita ku mabatire, ndipo kuswa mabatire akale pakhomo ndi njira yachidule yodzazira bwalo ndi mtovu. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 anafa pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa cha ntchito imeneyi. Pamene mabatire a sola akuchuluka m'midzi, funso la kumene batire yakufa imathera silocheperanso. Mapoto ena osula kuchokera ku zitsulo zakale zosakanikirana apezeka kuti amatulutsa mtovu m'chakudya, chimodzimodzi mankhwala ena opaka m'maso. Ku Bangladesh ofufuza anadabwa kupeza kuti amayi oyembekezera akumidzi ankautenga ku zokometsera ndiwo zachikasu, zimene ogulitsa ankazithira utoto wa mtovu kuti ziwale.

Nanga mankhwala?

Mankhwala okoka mtovu m'magazi kuti utuluke ndi mkodzo alipo, ndipo amapulumutsa moyo. Amaperekedwa kawirikawiri nambala ikafika 45 kupita m'mwamba. Chiyembekezo chinali chakuti angathandizenso ana a mlingo wapakati, ndipo anayesa: ana 780 a ku America okhala pakati pa 20 ndi 44 anagawidwa pawiri, ena n'kupatsidwa mankhwala otchedwa succimer, ena mapilisi opanda kanthu. Zotsatira zinatuluka mu 2001. Mtovu m'magazi unatsika msanga mwa olandira mankhwala, koma patatha zaka zitatu nzeru ndi khalidwe lawo sizinasiyane ndi za anzawo. Chimene chinasokonekera pomanga ubongo sichinabwerere chifukwa choti magazi ayera.

N'chifukwa chake malangizo a mlingo wochepa onse amaloza ku gwero. Mtovu wa m'thupi umadziwika poyeza magazi basi, ndipo akayeza a pachala n'kupeza wokwera amatsimikiza ndi a m'mkono, poti kafumbi ka pakhungu kakhoza kunamiza makina. Pakhomo, kukolopa kapena kuwaza madzi musanasese kumachepetsa fumbi louluka. Kusambitsa mwana m'manja asanadye kumathandiza, chimodzimodzi kuti bambo kapena mayi wogwira ntchito ya mabatire, penti kapena kuwotcherera asinthe zovala ndi kusamba asananyamule mwana. Kuwiritsa madzi sikuchotsa mtovu. Usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe amapereka kashiamu, nyemba, bonongwe ndi chisoso zimapereka ayironi, ndipo mwana wokhuta zakudya zotere satenga mtovu wochuluka ngati wanjala, ngakhale chakudya sichingalowe m'malo mochotsa gwero. Kwa mwana amene waumeza kale, chimene chimathandiza ndi chimene chimathandiza ubongo wa mwana aliyense: kulankhula naye, kusewera naye, kumuyambitsa sukulu ya mkaka, ndi kumuyeza makutu ndi kuwerenga msanga akayamba kutsalira.

Ngakhale pa mlingo wokwera, madokotala sakonda kupereka mankhwala kwa mwana amene abwerera kufumbi lomwelo, chifukwa nambala imakweranso pasanathe miyezi yambiri. Ku Zamfara, bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières linkadikira kuti dothi la pamwamba lichotsedwe m'mabwalo a mudzi n'kuthiramo loyera lisanayambe kupereka mankhwala kwa ana a m'mudzimo. Mudzi wa Bagega unadikira mpaka 2013, boma la Nigeria litatulutsa ndalama zoyeretsera, kuti ana ake ayambe kulandira chithandizo.